Mlendo wa M'mimba mwa Mkamwini

Padangokhala. Amene ali ndi pakamwa avomere kuti tili tonse, koma amene akudya ayambe wameza, chifukwa kumene tikupitaku si kwa anthu a mseru.

Kudali Nyongolotsi, mlesi woti ulesi weniweniwo ukamuona unkachita manyazi. Abale ake onse ankakhalira kufukula nthaka, kulowera uku kutulukira uko, koma iye ankangogona pansi pa tsamba la dzungu n'kumadandaula msana. Msana uti, poti nyongolotsi ilibe ndi fupa lomwe? Tsiku lina abalewo zidawakwana. Adamutulutsa kuuna pamodzi ndi mkazi wake, n'kumuuza kuti akadye ulesi wakewo.

Tsono nyongolotsi ikakhala padzuwa sichedwa kuuma gwa ngati luzi. Chilimwe chidali pafupi, nthaka itayamba kulimba. Nyongolotsi adadziwa kuti akapanda kupeza malo a chinyontho, amdima, oti chakudya chizibwera chokha, iye ndi mkazi wake asanduka ndiwo za nyerere.

Akulingalira zimenezi m'munda wa mbatata, adamva wina akulira ngati ng'ombe yotsala yokha m'khola. Adali Nguluwe, kapitawo wa alonda a kunyumba ya mfumu Mkango. Nguluwe ameneyu adali wonenepa, abale. Akayandikira mpando, mpando unkayamba kupemphera. Akaseka m'mawa, mimba inkamaliza kugwedezeka masana. Ankalira ndithu, koma kwinaku akufukula mbatata n'kumaponya m'kamwa ndi dothi lomwe.

Nyongolotsi adamupatsa moni wa ulemu wonse, n'kufunsa chagwa. Nguluwe, akutafuna, adafotokoza kuti adafunsira Nangondo, mwana wa a Njiri, nduna yaikulu ya mfumu. A Njiriwo adavomera. Koma akazi awo, a Nankhoma, atamuyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira, adati mkamwini wotere angameze nkhokwe ndi denga lomwe, ndiye adzabwere akadzaphwa. Nguluwe adati adayesapo kusala kudya, koma njala idamugwira asanamalize kupukuta pakamwa.

"A Kapitawo, mwayi wanu ndi wakuti mwakumana ndi ine," adatero Nyongolotsi. "Ntchito yanga ndi yomweyo. Inu muzidya monga mwa masiku onse, ine ndikhale m'katimo ndizilandira. Mafuta asanafike m'thupi, ine ndawadya kale."

"Mulipo angati?"

"Awiriwiri, ine ndi mayi a kunyumba. Sitimwa, sitisuta, alendo sitilandira."

Nguluwe adaona kuti nzeru zoposa pamenepa palibe. Awiriwo adadzipinda m'dothi lomwe lidamatirira pa mbatata, Nguluwe adangoti gudyu. Atafika m'katimo, mkazi wa Nyongolotsi adayang'ana uku ndi uko: mofunda, mwamdima, chakudya chikugwa kuchokera kudenga chotafunatafuna kale. Adauza mwamuna wake kuti lero ndiye wadziwa kuti adakwatiwa.

Sipadatenge nthawi, Nguluwe adayamba kuphwa. Ankadya za anthu a mudzi wathunthu, koma akamadzuka pakudyapo njala ili pomwepo ikumudikira. Miyendo idasanduka mabango, nthiti zidatuluka zoti mwana n'kuphunzirirapo kuwerenga, khosi lidatalika ngati la kakowa. Mimba yokha ndiyo idakana. Idatupa n'kulimba ngati ng'oma. Atadandaula, mawu a m'katimo adamuuza kuti imeneyo aisiye, ndi mimba ya ukapitawo, kapitawo wopanda mimba alonda samuopa.

A Nankhoma adaona nthitizo, mtima wawo udakhala pansi. Ukwati udachitika, Nguluwe adasamukira ku chikamwini, adamanga kanyumba kake, adapatsidwa khasu.

Apa Nguluwe adaona kuti ntchito ya mlendo yatha. Adapita kuseri kwa nkhokwe, n'kugogoda pamimba pake.

"Odi m'katimo. Zikomo kwambiri, mkazi ndapeza. Tsopano mutha kuona njira."

Nyongolotsi adayankha motsitsa mawu kuti asakuwe, mayi a kunyumba achira dzulo lomweli, ali m'chikuta. Adafunsa ngati kwawo kwa a Kapitawo adaonako munthu akusamutsa mayi ali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe. Nguluwe, poti adaleredwa ndi mwambo, adachita manyazi kwambiri. Adapepesa, mpaka adafunsa kuti kwabadwa mwana wanji.

"Amitundu yonse," adatero Nyongolotsi.

"Angati?"

"Tikawerenga uku, uko abadwa ena. Tasiya."

Madzulo a tsiku limenelo banja la m'katimo lidayamba nyimbo yake. Bambo ndiye ankatsogolera ndi mawu okhuthala, kufunsa kuti akutafunayo ndani. Ana onse ankavomera pamodzi kuti akutafunayo ndi mwini nyumba, iwo kwawo n'kumeza basi. Kumapeto mayi ankaponyapo nthungululu yayitali, yopindika ngati matumbo. Kunja nyimboyo inkamveka ngati bingu la mvula yoyamba. A Nankhoma, ali kunyumba kwawo, adathamanga kukaanula ufa padzuwa, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Tsono padali vuto lina. Chiyambire kusunga alendo, m'mimba mwa Nguluwe munkatsegula kosapereka nthawi yoganiza. Chimbudzi pamudzipo chidali chimodzi, ndipo chidali kuseri kwenikweni kwa nyumba ya a Nankhoma. Mukudziwa inu kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sakumana panjira. Wina akaona mnzake akubwera, amapatukira kutchire ngakhale kuli minga. Nanga kukumana panjira imeneyo? Nguluwe ankati akanyamuka, miyendo ataiphatikiza, n'kupeza apongozi akusesa pafupi ndi khomo lomwelo. Ankabwerera akunamizira kufunafuna nkhuku. Akapitanso, apongozi akusenda nyemba pomwepo. Nkhuku yomweyo. A Nankhoma adayamba kumuyamikira kuti mkamwini ameneyu amasamala ziweto.

Nyongolotsi, amene ankamva zonse, adamulangiza ngati nkhoswe. Adati mkamwini waulemu sakhala pamene apongozi amakhala, kumeneko n'kuwalowera m'chipinda. Kudimba kwa apongoziwo kuli mpiru wautali woti munthu n'kubisala bwinobwino, komanso akhala akuwathirira manyowa apongozi popanda kudzitama. Nguluwe adathokoza. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse udali wa kudimba, ndipo pa ulendo uliwonse Nyongolotsi ankatsanzikana ndi mazira ake ochuluka ngati mchenga, kuwauza kuti akagwire tsamba, akagwire phwetekere, akagwire mbatata, adikire wowatola.

Owatola sadasowe. A Nankhoma adali ndi mwambi wawo wakuti dothi la kwanu silipha. Phwetekere ankangomupukuta pachitenje, mbatata ankangoimenya pabondo kawiri n'kupatsa amuna awo yaiwisi, poti a Njiri ankaikonda yokukuta. Ntchentche nazo zidalembedwa ganyu osafunsidwa: m'mawa kudimba, masana pa mbale.

Kenaka kudabwera kuyabwa. Kunkayabwa kumalo kumene munthu satchula apongozi ali pafupi, kunsi kwa mchira. Nguluwe adakhukhuza pachitsa mpaka chitsa chidayamba kuwala ngati galasi, atsikana n'kumadziyang'anirapo. Adakhukhuza pamtondo, mtondo udagwa. Ku ntchito, akaimika alonda pamzere, ankalamula akuvina m'chiuno, alonda nawo n'kumamutsanzira poganiza kuti ndi perete watsopano.

Zidamukwana. Adathyola tsabola wa kambuzi lichero lodzaza n'kumeza yense, kuti awotche alendowo. Misozi idatsika, mamina adatsika, m'makutu mudatuluka utsi. Ali chigonere pansi adagogoda pamimba n'kufunsa ngati atsala amoyo.

"Tilipo, a Kapitawo, ndipo tathokoza. Chakudya chanu chinkachepa pamenepa basi," adatero Nyongolotsi. Kenaka mawu adasintha, adayamba kunjenjemera. Adati koma zachisoni, mwana wawo mmodzi watsamwa ndi njere ya tsabola, watisiya. Ali pamaliro. Sangasamuke asanamete, ndipo poti wapha ndi mwini nyumba, iwo sakufuna mlandu, angotumiza chakudya cha olira.

Nguluwe adagwira kumutu. Adadya chinangwa chambiri ngati chipepeso. Nyimbo ija idamvekanso, tsopano yokoka ngati ya pasiwa, koma mawu ake omwewo: bambo kufunsa wotafuna, ana kuvomera kuti iwo kwawo n'kumeza. Mawa lake tsabola uja potuluka adamukumbutsa Nguluwe kuti moto umawotcha kolowera ndi kotulukira komwe. Ali chinjutire mumpiru, ndi pamene zidamufikira m'mutu kuti nyongolotsi ilibe tsitsi. Imeta chiyani?

Ulendo uno adalumbira kuti awapha ndi njala. Adakana chakudya cham'mawa, adakana chamasana. Nangondo adalira poganiza kuti mwamuna wake wapeza kwina kodya. Koma alendo atasowa chogwa kudenga adayamba kuluma makoma. Nguluwe adapindika ngati chikwakwa. Kumunda ankakweza khasu n'kugona tulo lisanatsike. M'maso mudayera, chizungulire chili ndii, mseru ukubwera n'kubwerera, ndipo adadzipeza akunyambita chulu osadziwa kuti wayamba liti. Adagogoda ndi mphamvu zotsala.

Nyongolotsi adati nkhani yosamuka aimva, ndipo katundu adayamba kale kumanga. Kungoti atsikana ake akula, ali m'tsimba, anamkungwi ali pakati pa malangizo. Kodi a Kapitawo akufuna anamwali atulukire panja osalangizidwa, dziko lidzati adakulira kwa yani? Adawonjeza kuti chinamwali sichitha popanda nkhuku.

Nguluwe adadya nkhuku. Nyimbo idayamba, ya chinamwali tsopano, ndi ng'oma zomwe. Bambo adafunsa kuti akutafunayo ndani. Koma ana a m'mimba mwa Nguluwe asanavomere, kuvomera kudachokera kwina. Kudachokera m'mimba mwa Nangondo, amene ankapeta pakhonde. Kudachokera kutsidya kwa bwalo, m'mimba mwa a Nankhoma. Kenaka pansi pa mtengo, pamene a Njiri adakhala ndi litchowa lawo la unduna, padamveka kuvomera kokhuthala koti mbalame zidauluka.

Aliyense adayang'ana kumbali. Zidadziwika tsopano chifukwa chake zitsa zonse za pamudzipo zinkawala.

A Nankhoma sadali munthu wobisa matenda. Adaitanitsa Nungu, sing'anga wa dera limenelo. Nungu adabwera minga ili wayawaya, adakoka zikope za aliyense, adagogoda mimba, adapita kudimba, n'kubwerako atatseka mphuno. Adati nkhani yake ndi yaifupi: ndi njoka za m'mimba, ndipo zikuchokera kudimba, kumene wina wasandutsa chimbudzi. Zimatuluka ndi chimbudzi, zimabwerera ndi ndiwo zosatsuka ndi manja osasamba. Sadafunse kuti wina wakeyo ndani. Onse adayang'ana Nguluwe. Nguluwe adayang'ana kumwamba ngati akuyembekezera mvula.

Nungu adasiya mizu yowawa. Adati mawa awiritse, amwe onse tsiku limodzi, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo mankhwala akayamba kugwira ntchito aliyense alunjike kuchimbudzi, zotulukazo zikathere m'dzenje. Ikatsala mimba imodzi yosamwa, adzamuitananso.

M'katimo mudali maliro enieni tsopano. Mkazi wa Nyongolotsi adayamba kukumbutsa mwamuna wake kuti abale ake adanena. Nyongolotsi adamuuza akhale chete, iye wamva bwino zomwe sing'anga wanena. Banja lawo silikufuna mimba zonse. Likufuna imodzi yokha yosamwa mankhwala.

M'mawa mwake, mizu ikuwira, Nyongolotsi adayamba yekha kuyankhula.

"A Kapitawo, ife tagonja. Mwatisunga bwino, tikuchoka opanda mangawa. Koma ndikusiyireni mawu amodzi ngati mbale wanu. Apongozi anu aamuna akukwiyirani chifukwa cha dimba lija. Lero ndi tsiku lokonza. Chikho chawo musalole kuti apereke wina. Kaperekeni nokha, anthu akuona, mutagwada."

Adamuuzanso kuti asaiwale kulawa kaye, monga amachitira mwini mowa, kuti apongozi adziwe kuti mulibe chiphe. Ndipo poti akuluakulu samva bwino, awafotokozere mokweza chimene mankhwalawo achiritse, osasiya kanthu, kuti aone kuti mkamwini amawaganizira.

Tsiku limenelo kudabwera nduna zina ziwiri kudzakambirana ndi a Njiri za milandu ya kwa mfumu. Atatuwo adakhala pansi pa mtengo, nkhope zili ndwii. Nguluwe adatulukira ndi chikho, adagwada, adamwako pang'ono, nkhope idakwinyika, n'kutambasula manja.

"Bambo, imwani," adatero mokweza kuti amve ndi a kuchigayo omwe. "Awa ndi a njoka zija. Kuyabwa kwa kunsi kwa mchira kuja kutha lero, simudzakhukhuzanso pachitsa. Ine ndayamba kale, tili limodzi pa vutoli."

Nduna imodzi idatsokomola. Inayo idayamba kuyang'anitsitsa chikhadabo chake. A Njiri njerewere za kumaso zidanjenjemera. Adaimirira pang'onopang'ono n'kunena kuti chibadwire chawo sadamvepo kuti nduna ya mfumu ili ndi njoka. Njoka ndi za ana ndi akamwini. Chimene chimalira m'mimba mwa nduna ndi nkhawa za dziko. Ndipo iwo kumwera chikho chimodzi ndi mkamwini, chimene wanyambita kale, ayi, bola kufa. Adamenya chikhocho ndi litchowa, mankhwala onse khuthu pansi. A Nankhoma adayesa kuwanyengerera kuseri, iwo adalumbira kuti kuyambira lero sadyanso chophikidwa pamudzi wopanda ulemuwu, azidzifukulira okha.

Ena onse adamwa. Dzuwa lisanafike pamutu, mizu ya Nungu idayamba kulankhula. Mudzi wonse udathamangira kuchimbudzi chimodzi chija, mzere mpaka kunkhokwe, aliyense akupondaponda ngati pansi pali moto. Ana a Nyongolotsi ambirimbiri adathera m'dzenje tsiku limenelo, nyimbo ili pakamwa.

Nguluwe naye zidamufika. Adathamanga mtima uli umodzi, wotsatira mawu a sing'anga. Atakhota pangodya, adaona womalizira pamzere: a Nankhoma. Kuima kumbuyo kwa apongozi aakazi, pamzere umenewo, onse akuvina gule mmodzi? Adaima. M'mimba mudagunda. Mawu ofooka a m'katimo adangomufunsa kuti kodi ulemu wonse uja authera pano.

Nguluwe adatembenuka, liwiro la kudimba.

Nyongolotsi ndi mkazi wake adatulukira pamzera wa mbatata ali wefuwefu, mankhwala atawaledzeretsa, dzuwa likuwotcha. Mkazi adati basi, tafa. Nyongolotsi adati akwawe, asalankhule. Adadzikoka mpaka pambatata yaikulu kuposa zonse, yomwe idatulukira pang'ono pamng'alu wa nthaka, n'kudzimata m'dothi lake. Khungu lidayamba kuuma. Nyerere imodzi idafika, idanunkhiza, idabwerera kukaitana anzake.

Kenaka pansi padagwedezeka. Adali a Njiri, njala itawapweteka, akung'ung'udza za akamwini a masiku ano. Adagwada, adafukula, adaona mbatata yaikulu ija. Madzi otsukira adali kumudzi, kumene iwo adalumbira kuti sapemphako kanthu. Adaimenya pabondo kamodzi. Gudyu.

M'katimo ana omwe adatsogola kale adalandira makolo awo ndi nthungululu. Nyongolotsi adayendera malowo kuyambira uku mpaka uko. Mudali motakasuka, mopanda kuwawa kulikonse, ndipo mwini nyumba adali atalumbira pamaso pa nduna zinzake kuti mulibe munthu. Adagona chagada, n'kuuza mkazi wake kuti amasule katundu yense, kuno sadzagogodedwa.

Ndipo sadagogodedwe. Nguluwe adachira, Nangondo adachira, a Nankhoma adachira n'kuyamba kutsuka ndi nzimbe zomwe. Koma a Njiri, pofika lero, ali pakati poweruza mlandu amangoti nyamu, mchira njo kumwamba, liwiro la kuthengo. Mukawafunsa amati awaitana mwadzidzidzi kwa mfumu. Inu mukadzawaona akudutsa choncho, apatseni njira, musawapatse moni wautali.

Nthano yagona pamenepa. Amene wayamba kusunthasuntha pampando, ife sitinaone kanthu.